Kochi wa mwana wanga sanafike mu ligi yaikulu: kodi ali n'choti angamuphunzitse?

Funso

Ine ndimakhala ku Georgia, ku America, ndipo mwana wanga wamwamuna wa zaka 14 walowerera pa baseball, masewero amene ine ndi bambo ake sitinakule nawo. Kochi wa timu yake akuti anasewerapo zaka 4 m'matimu aang'ono, aja amati minor league, kenako anam'chotsa asanafike mu ligi yaikulu. Ndalama zimene tikulipira si zochepa. Bambo ake akuti tikutayira ndalama munthu woti mpirawo unam'kana. Kodi munthu wolephera angaphunzitse mwana kupambana?

Mayi wa mnyamata, Georgia

Yankho

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Bambo a kunyumbako muyambe mwawapatsa moni wanga, kenako muwauze kuti sindikugwirizana nawo. Mawu akuti "wolephera" ndi amene andivuta, chifukwa akubisa zambiri za mmene masewerowa amayendera.

Ku mpira wamiyendo kwathu, timu ndiyo imakwera. Ikachita bwino mu ligi yapansi imalowa mu ligi yapamwamba, ikachita chibwana imatuluka. Ku baseball ya ku America timu sikwera ndipo sitsika. Wokwera ndi munthu, payekhapayekha. Makalabu a ligi yaikulu, Major League Baseball, alipo 30, ndipo pafupifupi sizoni yonse kalabu iliyonse imakhala ndi osewera 26. Mukawerengera mupeza malo 780 okha. Pansi pa kalabu iliyonse pali makwerero anayi, Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A, omwe kuyambira 2021 ali ndi matimu 120 onse pamodzi, kuwonjezera pa matimu a anyamata ongoyamba kumene ku Arizona, ku Florida ndi ku Dominican Republic. Kalabu imaloledwa kusunga osewera 165 m'matimu ake aang'ono a ku America. Ndiye kuti anthu pafupifupi 5,000 akulimbirana mipando 780, mipando yoti ili kale ndi eni ake amene sakufuna kudzukapo. Ndipo July aliyense makalabu amasankhanso anyamata ena pafupifupi 600 kuchokera m'masekondale ndi m'makoleji. Wina akalowa, wina ayenera kulongedza.

Tsono kochi wa mwana wanuyo, kuti angopatsidwa pepala losaina, ndiye kuti anali katswiri woposa anzake onse pasukulu pake, mwinanso m'dera lake lonse. Kukhalamo zaka 4 ndiye kuti chaka ndi chaka anapulumuka mpeni umene unadula anzake ambiri. Si munthu woti mpira unam'kana ayi. Mpira unamulola kufika kutali kuposa kumene anthu ochuluka amafika, kenako unati basi, pathera pano.

Komanso si onse amene amachoka chifukwa luso lachepa. Chisanafike chaka cha 2021, malipiro otsikitsitsa a wosewera wa Single-A anali madola 290 pa sabata, ndipo ankalandira m'miyezi ya sizoni yokha. Inu mumakhala komweko, mukudziwa kuti lendi ya nyumba imadya ndalama zingati. Anyamata ankaunjikana asanu kapena asanu ndi mmodzi m'kanyumba kamodzi, matilesi pansi, kuyenda usiku wonse pa basi kuchoka tauni ina kupita ina, sizoni ikatha n'kukagwira maganyu. Zinthu zinasintha osewerawa atalowa m'bungwe loyimira osewera mu 2022. Mgwirizano wa 2023 unakweza malipiro otsikitsitsa a ku Single-A kuchoka pa madola 11,000 kufika pa 26,200 pachaka, ndipo a ku Triple-A kuchoka pa 17,500 kufika pa 35,800. Yerekezani ndi mu ligi yaikulu, mmene wolandira zochepa kwambiri mu 2025 ankalandira madola 760,000. Ngati kochi wanuyo anasewera nthawi yakale ija, anadya mavuto chifukwa chokonda masewerowa basi.

Popeza muli ku Georgia, chitsanzo chabwino chili pakhomo panu pomwepo. Funsani aliyense wovala chipewa cha Atlanta Braves za Brian Snitker.

Snitker anabadwa mu 1955 ku Illinois, anasewerera yunivesite ya New Orleans, ndipo mu 1977 anasaina ndi Braves ngati catcher, uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya n'kumawakha mipira. Anasewera masizoni 4, ndendende ngati kochi wa mwana wanu. Kamenyedwe kake kanali ka .254, kutanthauza kuti pa maulendo anayi aliwonse amene waima ndi ndodo, kamodzi kokha ndi pamene ankamenya mpira n'kupulumuka. Si zochititsa manyazi, komanso si zoti munthu angakwere nazo. Mu 1980 kalabu inam'masula ali ndi zaka pafupifupi 25, asanapondepo bwalo la ligi yaikulu ngakhale tsiku limodzi.

Woyang'anira matimu aang'ono a Braves nthawi imeneyo anali Hank Aaron mwini wake, uja anaphwanya mbiri ya katswiri wakale Babe Ruth mu 1974 n'kumaliza ndi ma home run 755, mipira yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda wa bwalo. Aaron ndi amene anam'patsa Snitker ntchito ya uphunzitsi. Taganizirani pamenepa, Mayi. Mmodzi mwa akatswiri aakulu koposa m'mbiri ya masewerowa anayang'ana mnyamata woti kusewera kwam'thera, n'kuona mphunzitsi. Pofika 1982 Snitker anali manijala wa timu ya ku Anderson, ku South Carolina, ali ndi zaka 26, akulamulira anyamata oti ena anali pafupifupi amsinkhu wake.

Kuyambira pamenepo anayendayenda m'matauni a kum'mwera kwa America ngati mphunzitsi wa pulayimale wosamutsidwasamutsidwa: Durham, Sumter, Macon, Danville, Myrtle Beach, Greenville, Pearl ku Mississippi, Richmond. Anakwerako ku Atlanta mu 1985, komanso kuyambira 1988 mpaka 1990, kukathandiza oponya olowa m'malo, koma maulendo onse awiri anabwereranso pansi. Mu 2007 anam'patsa ntchito ya kochi wa pa base yachitatu, malo omaliza amene wothamanga amaponda asanakagoletse, pansi pa manijala Bobby Cox. Ntchito imeneyo mukaionera patali imaoneka yopepuka. Munthu amaima pambali pa mzere, mpira wamenyedwa kutali, wothamanga akubwera mwaliwiro mutu uli pansi, ndipo iwe uli ndi kamphindi kochepa kwambiri koti uyeze mphamvu ya mkono wa amene watola mpirawo ndi liwiro la mnyamata wako. Ukazunguza mkono ndiye kuti pitirira mpaka kunyumba, pogoletsera paja, ukakweza manja onse awiri ndiye kuti ima. Akafika bwino, m'manja amaombera wothamangayo. Akam'gwira, anthu masauzande ambiri amatukwana iweyo.

Sizoni ya 2013 itatha anam'chotsa pa ntchitoyo n'kum'tumiza kukayang'anira timu ya Triple-A ku Gwinnett. Anali ndi zaka 58. Ambiri pa msinkhu umenewo akanati andinyoza, n'kusiya. Iye anapita. Mu May 2016, Braves itapambana masewero 9 okha n'kugonja 28, kalabu inachotsa manijala Fredi González n'kuitana Snitker kuti angogwirizira mpandowo. Anali ndi zaka 60, ndipo panali patapita zaka 39 chisainireni. Wogwirizira uja anakhazikika pampandowo. Mu 2018 anasankhidwa kukhala manijala wopambana mu National League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu, timu yake inatsogola m'gulu lake zaka 6 zotsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2021 inatenga chikho cha World Series, fainolo ya ligi yaikulu, koyamba chichokereni 1995.

Chaka cha 2021 chimenecho n'chofunika kuchiyang'anitsitsa. Aaron anamwalira mu January. Mu July katswiri wa timuyo, Ronald Acuña Jr., anavulala bondo n'kukhala kunja sizoni yonse yotsala. Mpaka kumayambiriro kwa August timuyo inali isanakhalepo ndi masewero opambana ochuluka kuposa ogonja. Kalabu inabweretsa osewera anayi ochokera kwina, Joc Pederson, Adam Duvall, Jorge Soler ndi Eddie Rosario, ndipo ntchito ya manijala inali yosandutsa alendo amenewa kukhala anthu a pakhomo m'masabata ochepa. Imeneyo ndiyo ntchito imene munthu amagwira tsiku lililonse m'matimu aang'ono, mmene wosewera wako wabwino amam'kweza Lachiwiri, Lachitatu n'kukutumizira nkhope yachilendo. Pa 2 November anagonjetsa Houston Astros 7 kwa 0 pamasewero achisanu ndi chimodzi. Chosangalatsa n'chakuti mwana wake, Troy Snitker, anali kochi wa omenya ku Astros komweko, tsidya lina la bwalo. Sindikudziwa kuti mayi a pakhomopo ankachemerera mbali iti, koma sindikuwasirira. Snitker anatula pansi umanijala sizoni ya 2025 itatha, atakhala m'kalabu imodzi masizoni 49.

Musaganize kuti ndi yekha. Earl Weaver sanasewerepo mu ligi yaikulu, koma anatenga chikho ndi Baltimore Orioles mu 1970. Jim Leyland anali catcher m'matimu aang'ono a Detroit Tigers, kamenyedwe kake ka .222 kokha, koma anatenga chikho ndi Florida Marlins mu 1997 ndipo mu 2024 analowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerowa. Joe Maddon, catcher winanso wa m'matimu aang'ono, ndi amene anathetsa chilala cha zaka 108 cha Chicago Cubs mu 2016.

Mwaona kuti dzina la catcher likubwerabwera. Sizinangochitika. Pa osewera 9 oteteza, iye yekha ndi amene amayang'ana bwalo lonse kutsogolo kwake. Amayenera kudziwa chofooka cha womenya aliyense wa timu ina, n'kusankha mtundu wa mpira woti uponyedwe, kale pogwiritsa ntchito zala pakati pa maondo, masiku ano mu ligi yaikulu podina kachipangizo. Woponya akayamba kusokonezeka, catcher amavula chigoba cha kumaso, kuyenda pang'onopang'ono kupita pa kachulu kamene woponyayo amaimapo, kuphimba pakamwa ndi gulovu n'kumulankhula. Wina amafunika kum'kalipira, wina kumuseketsa, ndipo uyenera kudziwa kuti uyu ndi uti. Munthu amene wachita zimenezi zaka zingapo wayamba kale ukochi asanaudziwe dzina. Ngati kochi wa mwana wanu anali catcher, muwauze bambo kuti mwatola.

Koma chifukwa chenicheni chimene osewera apakatikati amaphunzitsira bwino n'chakuti iwo chilichonse anachita kuphunzira. Katswiri wobadwa nazo thupi lake limangochita, ndipo ukam'funsa kuti watani, amati ndangouona mpirawo n'kuumenya. Ted Williams, womaliza kumenya kupyola .400 pa sizoni, mu 1941, anakhalapo manijala kuyambira 1969 mpaka 1972. Chaka choyamba zinayenda bwino, koma chaka chomaliza timu yake inagonja masewero 100. Amene wavutika ndi mpira wokhota mochedwa, n'kugona usiku akuganiza kuti mapazi aike pati, manja ayambire pati, ali ndi mawu ofotokozera zimenezo chifukwa anachita kuzisakasaka. Amadziwanso mmene mtima umapwetekera ukaima ndi ndodo maulendo 20 osamenya kanthu. Mwana wa zaka 14 amafunika munthu wotero, chifukwa masewerowa ngakhale katswiri weniweni amalephera maulendo 7 pa 10 aliwonse.

Ndisakunamizeni kuti ili ndi lamulo. Joe Torre anali katswiri weniweni, wosewera wopambana mu National League mu 1971, ndipo anatenga zikho 4 ali manijala wa New York Yankees. Mike Shildt sanasewerepo baseball yolipidwa n'komwe, koma mu 2019 anasankhidwa kukhala manijala wopambana ali ku St. Louis Cardinals. Mbiri ya kusewera siuza munthu zonse, kaya ndi yaitali kaya ndi yaifupi.

Kwa ife a kum'mwera kwa Africa palinso Gift Ngoepe, amene anakulira m'kachipinda ka pabwalo la timu ya Randburg Mets ku Johannesburg, kumene mayi ake ankagwira ntchito. Anasaina ndi Pittsburgh Pirates mu 2008, n'kukhala m'matimu aang'ono mpaka April 2017, pamene anakhala munthu woyamba wobadwira ku Africa kusewera mu ligi yaikulu. Sanakhalitsemo, ndipo pambuyo pake nayenso analowa ukochi m'matimu aang'ono a Arizona Diamondbacks. Mwana wanu am'dziwe ameneyu.

Njira ya Snitker, yokhala m'kalabu, ndi ya ochepa, ndipo makontirakiti ake nthawi zambiri amakhala a chaka chimodzichimodzi. Ambiri akamasulidwa amabwerera kwawo. Ena amakamaliza sukulu n'kukhala makochi a kusekondale kapena kukoleji, ena amalembedwa ntchito yofufuza anyamata aluso, ndipo ena ambiri amalowa m'matimu a ana olipiritsa aja amayendayenda m'mipikisano, kapena amaphunzitsa mwana mmodzimmodzi pa ola. Kochi wanu ali m'gulu lomalizali, ndipo apa ndi pamene nkhawa ya bambo ili ndi maziko. M'gululi muli aphunzitsi enieni, komanso muli anthu amene akungogulitsa jezi yawo yakale kwa makolo osadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuwasiyanitsa sikufuna kuti mudziwe baseball. Choyamba n'chosavuta: pa intaneti pali tsamba la Baseball-Reference, lomwe limasunga mbiri ya osewera a m'matimu aang'ono. Lembani dzina lake, muona matimu, zaka ndi manambala ake. Akapezeka kuti ananena zoona, musavutike ndi manambalawo. Mwangotsimikiza kuti si wabodza.

Kenako mupite kukaonera pokonzekera, osati pa tsiku la mpikisano. Pa mpikisano kochi aliyense amaoneka wotanganidwa. Ine ndinaimapo kuseri kwa waya Lachinayi lina madzulo, ndikuonera kochi wina ndi kamnyamata kamene mipira yoyenda pansi inkangokadutsa pakati pa miyendo. Sanakalipe. Anakavula gulovu, anagwada nako pafumbi, n'kumakagubuduzira mpira pang'onopang'ono kuti kazigwira ndi manja opanda kanthu, maulendo ambirimbiri, kwinaku akungonena mawu awiri okha: matako pansi. Atakabwezera gulovu, mipira inayamba kukhalamo. Pabwalo loyandikana nalo panali kochi wina, foni kukhutu, ana 12 ataima pamzere padzuwa kudikira kuti mmodzi amalize kumenya. Ndinamva kuti wachiwiriyu ndi amene anasewera pa ligi yokwererapo. Inu muyang'ane zimenezo: kodi ana onse ali ndi chochita, kapena ambiri angoima? Mwana akalakwitsa, amauzidwa chochita kapena amangouzidwa kuti walakwa? Nanga mwana wofooka kwambiri pa timuyo, kochi amatha naye mphindi zingati?

Mukapeza mpata, mum'funse mwaulemu kuti n'chiyani chinam'lepheretsa kukwera. Mphunzitsi wabwino amayankha mosabisa, mwina kuti mpira wokhota sindinkauona msanga, kapena kuti liwiro la mkono wanga linathera apa. Ameneyo anadziunika, ndipo adzatha kuunika mwana wanu. Amene ayambe kukuuzani za manijala amene ankamuda ndi anzake okonderedwa, mtima wake ukadali pa zake, ndipo mwina akufuna kumaliza maloto akewo kudzera mwa ana a eni. Winanso woti mum'chenjerere ndi amene akulonjeza kuti mwana wa zaka 14 adzapeza sikolashipu kapena adzasankhidwa ndi kalabu. Munthu woti anadutsamo m'makwerero aja amadziwa kuposa wina aliyense kuti zimenezo palibe angalonjeze.

Chachikulu pa zonse, ngati mwana wanu amaponya, ndi chigongono chake. Ku Georgia nyengo imalola kusewera pafupifupi chaka chonse, mipikisano ya ana ndi yambiri, ndipo chiyeso choponyetsa mwana waluso mopitirira muyezo n'chachikulu. Mtsempha wa m'kati mwa chigongono ukaduka, pamafunika opaleshoni ija imadziwika ndi dzina la Tommy John, woponya amene dokotala Frank Jobe anam'chita koyamba mu 1974, ndipo kuchira kwake kumatenga chaka kapena kuposerapo. Masiku ano ikuchitikanso pa ana a sekondale. Malangizo a Pitch Smart, ochokera ku Major League Baseball ndi USA Baseball, amati mwana wa zaka 13 kapena 14 asapitirire mipira 95 pa tsiku. Akaponya 66 kapena kuposa apume masiku 4, akaponya pakati pa 51 ndi 65 apume masiku 3, pakati pa 36 ndi 50 masiku 2, ndipo pakati pa 21 ndi 35 tsiku limodzi. Pachaka apumitse mkono miyezi 4, iwiri kapena itatu mwa imeneyo ikhale yotsatizana. Munthu amene wakhala zaka 4 m'matimu aang'ono anaona anzake akutuluka m'bwalo atagwira chigongono, ena osabwereranso, ndiye alibe chowiringula pa nkhani imeneyi.

Ntchito yowerengayo muwapatse bambo, popeza ndi amene akukayika. Loweruka likubwerali atenge kope ndi cholembera, akhale pa benchi ya makolo, azilemba kamzere pa mpira uliwonse umene mwanayo waponya. Akaona kuti kochi nayenso ali ndi kowerengera kake m'manja, ndipo akutulutsa mwanayo nambala isanakwane ngakhale masewero ali pothina, ndalama za sizoni yamawa mulipire. Akaona kuti mwana waponya 70 Loweruka ndipo Lamlungu akum'bwezeranso pa kachulu chifukwa ndi fainolo, akayambitse galimoto.